Tiime bwanji pachithunzi? Kuyerekeza njira zojambulira gulu la ukwati kuno ku Dedza

Komiti ya ukwati imakhala pansi kangapo kukambirana za holo, mpunga, nkhuku, keke, galimoto ndi MC. Ikafika pa zithunzi nkhani imafupika: tilemba wojambula uti, ndipo akufuna zingati? Za mmene anthu adzaimire, ndani adzakhale pampando, ndani adzaime kumbuyo, pamalo pati komanso nthawi yanji, amangoti zikaoneka konko. Tsiku likafika kumakhala piringupiringu. Agogo atopa ndi kuima, operekeza akwati akufuna kaimidwe komwe anaona pa intaneti, ku holo nako akuimba foni kuti anthu adzaza.

Kaimidwe ka pachithunzi n'kofunika kukasankhiratu. Njira zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake, ngakhale mtengowo sukhala wa ndalama nthawi zonse. Ndaika pano njira zisanu, poganizira ukwati wochitikira kuno ku Dedza, kaya ndi paboma, ku Linthipe, ku Lobi, ku Bembeke kapena kumunsi ku Mtakataka.

Zoyezera zake

Choyamba ndi nthawi. Maukwati ambiri amadalitsidwa m'mawa, madyerero n'kuyamba masana cha m'ma 1 kapena 2 koloko. Pakati pamenepo pali kupatsana moni pakhomo la tchalitchi, ulendo, nkhomaliro, ndi kukonzanso nkhope ndi tsitsi la mkwatibwi. Nthawi yeniyeni ya zithunzi imatsala ola limodzi, mwinanso osakwana. Choncho pa njira iliyonse funsani kaye kuti idya mphindi zingati.

Chachiwiri ndi kuwala. Ola lotsalalo ndi lomwe dzuwa limakhala paliwombo. Dzuwa la pamutu limagwetsa mthunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, anthu n'kumatsinzina. Diresi loyera nalo limanamiza kamera: imaona kuti kwawala kwambiri n'kuchepetsa, nkhope n'kuda mpaka maso osaoneka. Mankhwala ake ndi mthunzi wosalala, monga wa khoma la tchalitchi kapena wa khonde lalitali. Mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali umasiya mawangamawanga pankhope ndi pa suti.

Nyengo ya kuno ili ndi khalidwe lake. Tauni ya Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwabasi, nkhungu imatha kuphimba phiri lonse, ndipo mu Juni dzuwa limalowa 5:30 isanakwane. Mitambo ya masiku amenewo imakometsa nkhope chifukwa kuwala kumafewa, koma atsikana ovala madiresi opanda manja amanjenjemera, mapewa n'kukwera m'mwamba. Kumunsi, ku Mua ndi ku Golomoti, vuto ndi lina: mu Okutobala thukuta limanyezimira pamphumi, ndipo okalamba sangaime padzuwa nthawi yaitali.

Chachitatu ndi ulemu, ndipo ojambula ochokera kutali amachiphonya kawirikawiri. Chithunzi cha ukwati chimasonkhanitsa anthu omwe pamudzi sakhalirana pafupi. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana mpata, ndipo m'mabanja ambiri sagwirana ngakhale paphewa. Ankhoswe ndiwo anyamula ukwatiwo, malo awo si kumapeto kwa mzere. Kaimidwe komwe kamakoma pakati pa achinyamata kangathe kuchititsa manyazi bambo wobereka mkwatibwi.

Chachinayi: chithunzicho chikathera kuti? Cha pa status ya WhatsApp chimakhala maola 24. Cha pakhoma la pabalaza adzachiona ndi adzukulu.

Kuphatikiza pa zoyezera zimenezi, pa njira iliyonse tiona zinthu zina zinayi: mtengo, kupezeka kwake, kasamalidwe ndi zoopsa zake.

1. Mzere wa ulemu: akuluakulu pampando, ena chilili

Iyi ndi njira yomwe timaiona m'mafulemu a makolo athu. Ena amati ndi yachikale, koma ine ndimaiika patsogolo pa zonse, chifukwa ndi chithunzi chokhacho chomwe mabanja awiri amaonekera pamodzi, ndipo anthu amenewo sadzasonkhananso onse chimodzimodzi.

Kakonzedwe kake n'kotere. Akwati akhale pakati pa mzere wa mipando, kapena aime kumbuyo kwenikweni kwa makolo awo ngati gulu ndi laling'ono. Akuchikazi mbali ya mkwatibwi, akuchimuna mbali ya mkwati. Makolo, agogo ndi ankhoswe pamipando. Mfumu ikakhalapo, mpando wake ukhale woyamba kuikidwa. Ana akhale pamkeka kutsogolo. Oimirira asalozetse chifuwa chonse ku kamera, koma apendeketse phewa pang'ono kuloza kwa akwati. Akatero anthu ambiri amakwana pamalo ochepa, ndipo maso a woona chithunzi amathamangira pakati. Lamulo losavuta kuliuza gulu ndi ili: ngati simukuiona kamera ndi maso onse awiri, nayo sikukuonani.

Pamalo athyathyathya mizere isapitirire itatu. Ikachuluka, gwiritsani ntchito makwerero a tchalitchi kapena mabenchi olimba. Wojambula aime patali ndithu n'kukoka chithunzi ndi lenzi, osati kuyandikira n'kutambasula, pakuti lenzi yotambasula imanenepetsa omwe ali m'mphepete n'kupinda nkhope zawo. Wodziwa ntchito amachepetsa kabowo ka lenzi kolowera kuwala kufika pa f/5.6 kapena f/8 kuti a kutsogolo ndi a kumbuyo onse aoneke bwino.

Tizinthu tating'ono ndi tomwe timaononga: foni yotupa m'thumba la buluku, magalasi akuda, botolo la madzi pansi pa mpando, chikwama pamiyendo. Abambo oimirira amange batani lapamwamba la jekete, okhala pansi amasule. Maluwa a mkwatibwi akhale cha pamchombo, chifukwa akakwera pachifuwa amabisa diresi ndi kukweza mapewa. Amayi okhala pampando apendeketse mawondo mbali imodzi kuti nsalu igwe bwino.

Pa za apongozi musakakamize. Ikani mkwatibwi pakati pa mwamuna wake ndi mayi ake, ulemu wasungika ndipo chithunzi chakoma. Komanso funsani ankhoswe pasadakhale za omwe adzakhale pamipando ya makolo. Pali akwati oleredwa ndi azakhali kapena agogo, pali makolo omwe banja lawo linatha, pali atsibweni omwe analipira sukulu yonse. Nkhani zotere sizikambidwa pakhomo la tchalitchi anthu akumva.

Mtengo. Ndalama yowonjezera palibe, wojambula aliyense amadziwa kuti adzajambula zimenezi. Nthawi ndiyo imapita. Werengerani mphindi 3 kapena 4 pa gulu lililonse, ndiye magulu 10 angadye mphindi 40. Kuti mufulumire, yambani ndi gulu lalikulu kwambiri n'kumachotsako anthu pang'onopang'ono, pakuti kuchotsa munthu n'kwapafupi kusiyana ndi kumufunafuna. Okalamba ajambulidwe koyambirira, akapume.

Kupezeka kwake. Zimatheka paliponse pomwe pali mthunzi ndi mipando. Khoma la njerwa limakhala bwino kumbuyo kwa diresi loyera ndi masuti akuda. Pemphani chilolezo kwa akulu ampingo, makamaka tsiku lomwe maukwati ndi angapo. Pakufunikanso anthu awiri oitana, wina wakuchimuna wina wakuchikazi, atagwira pepala la magulu. Wojambula sadziwa kuti atsibweni ndi ati.

Kasamalidwe. Chithunzi cha anthu ambiri chimafuna kutsukidwa chachikulu. Pa kapepala kakang'ono ka mu alubamu nkhope 30 sizizindikirika. A4 ndiye poyambira, A3 ndi bwino koposa. Tsukitsani kuchokera ku fayilo yeniyeni ya wojambula, osati yomwe yazungulira pa WhatsApp, chifukwa WhatsApp imafinya chithunzi pokhapokha chitatumizidwa ngati document. Fulemu ikhale ya galasi, ipachikidwe pakhoma losafika dzuwa ndiponso losachita chinyontho m'dzinja. Kumbuyo kwake lembani ndi pensulo maina a onse, mzere ndi mzere.

Zoopsa zake. Nkhope zouma ndiye vuto lodziwika. Akuluakulu ambiri amaumitsa nkhope akaona kamera, ndipo si bwino kuwaumiriza kuseka. Wojambula angocheza nawo pang'ono, ajambule kangapo motsatizana kuti wophethira asaononge chithunzi. Mafoni a alendo nawo amasokoneza: anthu akaimirira m'mbali aliyense ndi foni yake, maso a gulu amabalalika. Woitana alengeze kuti ayambe ndi wojambula, enawo pambuyo. Koma choopsa chachikulu ndi kuiwala munthu. Azakhali omwe anavutika ndi ulendo kuchokera ku Tsangano akasowa pachithunzi, nkhani yake imakhala zaka.

2. Zoyenda ndi zovina: za operekeza akwati

Anyamata ndi atsikana operekeza amakhala atatha masabata akuphunzira masitepe olowera mu holo. Azolowerana kale, ndiye kungowaimika ndii pamzere n'kutaya mwayi. Apa wojambula sawauza poika dzanja, amawapatsa chochita. Ayende pang'onopang'ono kubwera ku kamera, akwati ali patsogolo pang'ono, akuyang'anana okhaokha. Anyamata amukonze mkwati tayi. Atsikana agwire velo m'mphepete, wina aimbe nthungululu. Avine sitepe imodzi yomwe onse amaidziwa bwino, abwereze katatu. Kuseka kumabwera kokha.

Akafuna choimirira, asapange mzere wowongoka. Ena akhale pabenchi, ena aime, mitu isakhale pamlingo umodzi. Tiana tonyamula maluwa ndi mphete tijambulidwe koyamba, chifukwa tikatopa palibe angatinyengerere.

Mtengo. Mphindi 15 kapena 20 zimakwana ngati malo ali pafupi ndi tchalitchi. Ndalama imakwera pa luso la wojambula. Kujambula anthu oyenda kumafuna kamera yotsekula ndi kutseka mofulumira, 1/500 ya sekondi kapena kuposa pamenepo akamadumpha, komanso munthu wodziwa kulankhula ndi gulu. Musanagwirizane naye mtengo, muuzeni akuonetseni zithunzi za ukwati umodzi wathunthu, osati zosankhidwa zochepa za pa Facebook.

Kupezeka kwake. Pamafunika bwalo lotakasuka ndi kumbuyo kopanda zosokoneza. Bwalo la tchalitchi kapena la sukulu limakwana, bola magalimoto ndi zimbudzi zisaonekere. Kanjira ka pakati pa mitengo ya paini kapena bulugamu kamapereka mthunzi wabwino ngakhale masana.

Kasamalidwe. Chofunika kusamala ndi zovala, pakuti madyerero asanayambe n'komwe. M'chilimwe fumbi lofiira limagwira mpendero wa diresi, ndipo nsapato za gogoda zimatitimira pakapinga. Pakhale mtsikana mmodzi wonyamula mchira wa diresi poyenda, ndi kansalu kopukutira nsapato za anyamata. Zithunzi zake zimatuluka zambiri zofanana, sankhanipo zochepa zotsukitsa.

Zoopsa zake. Wojambula akalephera, zithunzi zimatuluka mbuu, ndipo sizikonzeka. Wina amabisika kumbuyo kwa mnzake. Kunyamula mkwati kapena mkwatibwi m'mwamba ine sindikulimbikitsa: munthu amagwa, msoko wa buluku umathetheka, ndipo ngati masuti ndi diresi n'zobwereka, mwini wake adzalipiritsa. Njira imeneyi si ya makolo ndi ankhoswe. Musawavinitse pofuna chithunzi, adzavina okha ku perekani-perekani.

3. Zokonza mwaluso kumalo okongola

Izi ndi zomwe akwati ambiri amasunga pa foni n'kumaonetsa wojambula: mkwatibwi pathanthwe velo ikuuluka, mkwati atamugwira m'chiuno, mphumi zitagundana, kumbuyo kuli phiri. Malo otere kuno sitisowa. Phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200, laima pamwamba pa tauni penipeni ndi mitengo yake ya paini. Pali kapinga ndi maluwa a ku Dedza Pottery. Pali msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, pomwe chigwa chimaonekera kutali kukakhala kopanda nkhungu. Zithunzi zake zikatheka zimakoma zedi, sindikana. Koma ndi njira yomwe imalanda zambiri.

Pa kaimidwe, zothandiza ndi izi. Mkwatibwi atsamire mwendo wakumbuyo, mikono isamatirire kuthupi, chibwano chitsogole pang'ono kuti khosi lioneke. Mkwati aongole msana, dzanja limodzi pamsana pa mkazi wake, zala zili zomasuka. Mphepo iwombe kuchokera kutsogolo kapena m'mbali kuti velo iulukire kumbuyo, osati kumaso. Ndipo musatenge zonse zomwe munaona. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani malo amodzi ndi mitundu itatu kapena inayi ya kaimidwe, muiyeserere kunyumba.

Mtengo. Mafuta a magalimoto onyamula gulu lonse, maola owonjezera a wojambula, ndiponso malipiro a malo ngati ali ndi mwini wake. Funsani ndi kupempha pasadakhale, musangotulukira ndi gulu pakapinga pa eni. Nthawi nayo imapita yambiri: kukweza anthu 16 m'galimoto, kutsika, kukwera chitunda ndi kubwerera kumadya ola mosavuta.

Kupezeka kwake. Kuwala komwe kumakometsa zithunzi zoterezi ndi kwa ola lomaliza dzuwa lisanalowe, ndipo nthawi imeneyo akwati amakhala ali mu holo, perekani-perekani atafika pachimake. Masana phiri limaoneka lotuwa ndipo nkhope zimada. Apa ndiye pagona vuto la njira imeneyi. Wofunitsitsa akonze tsiku lina, mawa lake madzulo kapena pakati pa sabata, akwati awiri okha ndi wojambula. Zikatero kambiranani ndi wobwereketsa diresi za tsiku lobweza, ndipo tsitsi ndi nkhope zidzafuna kukonzanso.

Kasamalidwe. Zithunzi zotere zimadalira kukonza pa kompyuta, choncho zimachedwa kutuluka. Gwirizanani tsiku lozilandira. Chinthu chimodzi ndikupemphani: muuzeni wojambula asayeretse khungu. Kuchotsa kachiphuphu ndi kwina, kusintha mtundu wa munthu ndi kwina. Mwana wanu adzafuna kuona mayi ake mmene analili. Dziwaninso kuti kaimidwe kotchuka chaka chino kamatha msanga fasho, pomwe mzere wa ulemu sukalamba.

Zoopsa zake. Matanthwe amaterera, makamaka kwa wovala gogoda ndi diresi lalitali. Nyamulani nsapato zafulati zoyendera. M'tchire muli chisoso chomwe chimamatirira pa leisi, chitedze m'malo ena, ndi lupsa la mu Seputembala ndi Okutobala lomwe limadetsa diresi loyera kamodzi n'kamodzi. Kuima pakati pa msewu wa M1 kapena pamakona a Khwekhwerere chifukwa cha chithunzi n'kuika moyo pachiswe, pakuti galimoto yotsika siima pomwepo. Kuchedwa ku holo nako kuli ndi mtengo: alendo akatopa amayamba kubalalika asanafupe.

Za ku Chongoni ndinenepo mwapadera. Mapanga a kumeneko monga Chencherere ndi Mphunzi ali ndi zojambula zamakedzana, malo ake onse alipo 127, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zina mwa zojambulazo n'zokhudza chinamwali ndi Gule Wamkulu. Si khoma lotsamira kapena kugwiragwira pofuna chithunzi. Mukapitako, pitani ndi woyang'anira malowo ndipo tsatirani zomwe akuuzeni. Chimodzimodzi nkhalango ya pamudzi: mitengo yowirira pamalo amodzi nthawi zambiri ndi manda, funsani eni mudzi musanalowemo.

Zopsompsonana ndi zokumbatirana kwambiri, ngati mukuzifuna, malo ake ndi kuno, kutali ndi makolo. Ganizaninso kawiri musanaziike mu alubamu yomwe apongozi adzatsegule.

4. Zosakonzekera: wojambula angotsatira zochitika

Apa palibe woimika anthu. Wojambula amazungulira n'kumagwira zomwe zikuchitika: kuvekana mphete, mayi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ankhoswe akulangiza, agogo akuvina ndi ndalama m'manja, akwati atagwada popereka keke kwa makolo. Zithunzi zomwe anthu amaziyang'ana nthawi yaitali nthawi zambiri ndi zimenezi.

Mtengo. Sizidya nthawi ya akwati ngakhale pang'ono, koma wojambula ayenera kukhalapo tsiku lonse. Pa ukwati waukulu mmodzi sakwanira, chifukwa sangaone nkhope ya mkwatibwi ndi ya mayi ake nthawi imodzi.

Kupezeka kwake. Odziwa njira imeneyi ndi ochepa kusiyana ndi oimika mzere. M'maholo ndi m'matchalitchi ambiri mumakhala mdima, choncho pamafunika kamera yoona bwino mumdima, flash ndi mabatire apadera, makamaka kumudzi kopanda magetsi. Mipingo ina ili ndi malamulo a pomwe wojambula angaime nthawi ya mapemphero, funsani abusa kapena ansembe. Ojambula oyendayenda aja, omwe amatsuka zithunzi msanga n'kudzazigulitsa pakhomo la holo, amathandiza alendo, koma musawadalire pa zithunzi za banja, pakuti simunapangane nawo kanthu.

Kasamalidwe. Mudzalandira mafayilo mazanamazana. Akangokhala pa fulashi disiki imodzi kapena mu foni, tsiku lina adzasowa. Sungani pawiri, kwa anthu awiri osiyana, ndipo tsukitsani zosankhidwa miyezi isanapite.

Zoopsa zake. Mukadalira njira iyi yokha, mudzapeza kuti palibe chithunzi ngakhale chimodzi chomwe makolo a mbali zonse ali pamodzi akuyang'ana kutsogolo. Zambiri zimakhala za nkhongo za anthu. Muuzeninso wojambula kuti asajambule alendo akudya, kapena amayi nsalu itamasuka povina.

5. Pakona yokongoletsedwa ku holo

Okongoletsa holo amatha kukonza kona imodzi ndi nsalu, maluwa ndi mipando iwiri, kuti magulu azibwera kudzajambulitsa ndi akwati.

Mtengo. Mumalipira wokongoletsa, ndipo wojambula amafunika magetsi ake ojambulira.

Kupezeka kwake. Paboma sizivuta. Kumudzi zimatheka pansi pa tenti kapena pakhonde, ndi nsalu yosanyezimira ya mtundu umodzi.

Kasamalidwe. Pakhale munthu woongola nsalu ndi kuchotsa mabotolo ndi mapepala, chifukwa pofika madzulo malowo amakhala atasokonekera.

Zoopsa zake. Nsalu yonyezimira imabweza kuwala kwa flash. Anthu akaima mogundana nayo, mthunzi wakuda umagwera kumbuyo kwa mitu yawo, choncho atalikire sitepe imodzi kapena ziwiri. Kona yotere simakwana anthu opitirira 8 kapena 10. Imakokanso mzere wa alendo pomwe MC akufuna akwati kutsogolo, ndiye ikani nthawi yake pa pulogalamu.

Iti ikuyenera inu?

Ukwati wa kumudzi, wojambula mmodzi, akuluakulu ambiri: mzere wa ulemu pompo mukangotuluka m'tchalitchi, anthu asanabalalike, kenaka wojambula atsatire zochitika mpaka madzulo. Operekeza akwati apatsidwe mphindi 10 za zoyenda pabwalo lomwelo. Zakuphiri zisiyeni.

Ukwati wa paboma, tchalitchi ndi holo zili pafupi: mzere wa ulemu, kenaka makolo apite kukadya, inu ndi operekeza mupite pamalo amodzi apafupi omwe munapempha kale, mukachite zoyenda ndi zovina. Ikani munthu wogwira wotchi yemwe ali ndi mphamvu yonena kuti basi, tiyeni.

Ukwati wa mu Juni kapena Julayi kumtunda kuno, monga ku Bembeke kapena paboma: kuwala kwa mitambo kumalola kujambula panja ngakhale masana. Konzerani atsikana nsalu zofunda zofanana, azivula pojambula pokha kapena zilowe m'chithunzi momwemo. Musalonjezane chithunzi cha phiri, nkhungu ingathe kulibisa tsiku lonse.

Ukwati wa mu Okutobala kapena Novembala ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti: zonse mumthunzi, magulu ochepa, madzi akumwa pafupi, ndi kansalu kopukutira thukuta musanajambule gulu lililonse. Zodumpha ndi zothamanga zichepe.

Ukwati wa m'dzinja: konzani kona ya ku holo, ndipo onani pasadakhale khonde kapena makwerero ofoleredwa okwana gulu lalikulu. Kukangotseguka kumwamba, jambulani mzere wa ulemu nthawi yomweyo, musadikire pulogalamu.

Ngati agogo kapena kholo lodwala silingafike kutchalitchi, chotsani magulu awiri pa pepala lija kuti mupeze mphindi zopatukira kunyumba. Akwati akhale pansi kapena agwade m'mbali mwa mpando wawo pakhonde, mitu ikhale pafupi ndi wawo, osati kuwaimirira pamwamba.

Chinkhoswe, kapena ukwati waung'ono wolembetsa kwa DC: anthu ndi ochepa ndipo nthawi ndi yanu, ndiye apa zokonza mwaluso zimatheka tsiku lomwelo. Yambani ndi ankhoswe ndi makolo, kenaka nyamukani cha m'ma 4 koloko kuti kuwala kwa madzulo kukupezeni muli pamalo. Nsalu za yunifomu za pachinkhoswe zimaoneka bwino kumbuyo kukakhala kwa mtundu umodzi, monga khoma kapena mitengo yobiriwira.

Ngati ndalama ya wojambula palibe ndipo mudalira foni ya m'bale: sankhani mzere wa ulemu ndi zoyenda pang'onopang'ono, zonse mumthunzi wosalala. Apukute lenzi, ajambule pa 1x atabwerera m'mbuyo osati pa 0.5x yotambasula ija, foni ili yopingasa ndiponso pamlingo wa chifuwa, akhudze pankhope ya mkwatibwi pa sikirini kuti foni iyeze kuwala pankhope osati pa diresi, ndipo gulu lililonse alijambule kasanu. Batire ikhale yodzaza, malo mu foni akhale okwanira, ndipo munthu ameneyo asapatsidwe ntchito ina tsiku limenelo.